Tinyumba ta agogo ku Nathenje



Aliyense amene anayendapo pa msewu wa M1 kuchoka mumzinda wa Lilongwe kulowera ku Dedza amapadziwa pa Nathenje. Ukapitirira mphambano ya ku Bunda n'kudutsa pa Nanjiri, posakhalitsa umangoona milu ya matimati, kabichi ndi anyezi m'mphepete mwa tala, utsi wa kanyenya uli tolotolo, anyamata a kabaza akulimbirana munthu asanatsike n'komwe minibasi. Chakum'mawa phiri la Nkhoma limaonekera patali. A m'tauni amaima, kugula ndiwo zotchipa, n'kumapita. Pamsika ponsepo okalamba mungawawerenge ndi zala za dzanja limodzi. Kuti muwaone muyenera kusiya tala, kukwera njinga, n'kulowa m'midzi ya kwa Mazengera, kwa Kalumba kapena kwa Chadza, kumene fumbi la mwezi wa July limafika mpaka m'mano.

Ine ndinabadwira m'dera limeneli, ngakhale tsopano ndimakhala ku Kawale. Ndinapitako kukamanga nawo chiliza cha atsibweni, ndipo ndinagonako masiku anayi. Madzulo a tsiku loyamba tili kuwotha moto, msuweni wanga wogwira ntchito ku Kanengo anaponya mawu akuti dera la Nathenje ndi Mitundu likufunika nyumba yosungirako okalamba ngati ija ya Mai Mbambande. Nyumba imeneyo ili kwa Dzama, m'boma lomwe lino la Lilongwe. Anaiyambitsa ndi mayi wachitsikana, Deborah Mbale, ndipo imalandira agogo osowa owasamala, ena mwa iwo othamangitsidwa kwawo powanamizira ufiti. Msuweniyo asanamalize, azakhali anamudula pakamwa. Iwo anati kholo si mbuzi yoti mukaisungitse kukhola la eni, ndipo mtundu wochita zimenezo watha basi. Mkangano unafika pakati pa usiku. M'mawa mwake ndinabwereka njinga n'kuyamba kuyendera makomo a achikulire amene ndinkawadziwa ndili mwana, kuti ndione mmene kusunga kholo pakhomo kukuyendera masiku ano.

Azakhali sanalankhule zopanda mutu. Ife Achewa nyumba ya okalamba tinali nayo kalekale, dzina lake kuka. Pa mwambo wathu mwamuna ndiye amakakhala kwawo kwa mkazi, choncho mayi amakalambira pamudzi pomwe anabadwira, atazunguliridwa ndi ana ake aakazi. Atsikana osakwatiwa ankagona kuka kwa agogo. Iwo ndiwo ankatunga madzi, kusonkha moto ndi kuzira nyumba, pamene agogo ankawabwezera nthano, zilapi ndi malangizo amene mayi wobala sanganene kwa mwana wake. Sizinkadziwika kuti wosungidwa ndani pakati pawo.

Khomo loyamba limene ndinafika linali lotero ndithu. Agogo ake apitirira zaka 80, ana aakazi atatu anamanga mowazungulira, adzukulu awiri amagona nawo. Ndinawapeza akuwothera dzuwa, atavala chitenje chochapa bwino, phala la mgaiwa lothira nsinjiro lili pambali. Dandaulo lawo linali limodzi lokha, lakuti fodya wa m'mphuno wa masiku ano alibe ukali. Sindinakhalitse. Pakhomo pa mtendere palibe zambiri zolemba.

Kumene ndinakhalitsa ndi kumapeto kwa mudzi wina kufupi ndi dambo, pa kanyumba kamene udzu wake unafoleredwa dzinja zitatu zapitazo. Mwini wake ndi bambo amene ife tili ana tinkawasirira chifukwa cha nsapato zazitali ndi wailesi yaikulu ya ku Joni. Iwo ndi mmodzi wa anyamata aja anapita kumigodi ya ku South Africa. Ulendo wa Wenela a Kamuzu Banda anauimitsa mu 1974, ndege itagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70. Unadzatsegulidwanso pa dzina la TEBA mpaka kudzatheratu mu 1988. Mnyamata amene anali ndi zaka 25 pamene ndegeyo inkagwa, lero wadutsa 75, ndipo m'midzi ya kuno alimo ambiri, ena akutsokomola fumbi la pansi pa nthaka mpaka pano.

Bamboyu atabwerako anakhala mkamwini cha ku Mitundu zaka pafupifupi 40. Anamanga nyumba ya njerwa zowotcha, anabzala mango, anakumba chitsime padimba. Mkazi wake atamwalira, mwambo wa kumeta utatha, akuchikazi anamusudzula mwaulemu monga zimakhalira. Nyumba, mango ndi munda zinatsala ku mbumba ya mkazi. Ana aamuna ali kuchikamwini kwawokwawo, wamkazi ali ku Johannesburg. Choncho anabwerera kumudzi kumene anachoka ali mnyamata, n'kupeza alongo ake onse anagona kale. Amene anamulandira ndi ana a alongo akewo, anthu amene ankangomuona pamaliro. Si anthu ankhanza ayi. Anamupatsa malo, anamumangira kanyumbako, nsima ikakwana amamutumizira. Koma palibe mmodzi amene amadzuka m'mawa akudziwa kuti agogowa ndi ntchito yake.

Titalonjerana, ndinakhala nawo pakhonde kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, ndipo ndinaona kuti ukalamba wa kumudzi umapweteka pa tinthu ting'onoting'ono. Tiyambe ndi madzi. Ndowa ya malita 20 imalemera makilogalamu 20, mtolo umene msana wa zaka 78 sungaunyamule kuchoka kumjigo. Iwo amatunga ndi kachigubu ka malita 5 kamene munali mafuta ophikira, maulendo awiri kapena atatu pa tsiku, akupumira m'njira. Madzi amenewo ndi akumwa ndi kuphikira. Osamba amachita kupangira tsiku. Kenako ife tikamadutsa timati okalamba ndi auve.

Chimbudzi ndi cha dzenje, ndipo mawondo a nyamakazi salola kunjuta. Anachita kuzika mtengo pafupi ndi dzenjelo kuti azigwirira podzuka, nzeru imene palibe anawaganizira. Usiku wa July kuno kumazizira kolowa m'mafupa, bulangete ndi limodzi, ndiye amagona chogundizana ndi moto; m'mphepete mwa mphasa yawo munali mabala akupsa angapo. Mano atsala owerengeka, koma mbale imene mdzukulu anabweretsa masana inali ya nsima ya dzulo yotenthetsa ndi usipa wouma wokazinga. Anadya nsimayo ndi madzi a mchere, usipa n'kupatsa mwana yemwe anabweretsayo.

Chimene chinandiwawa kwambiri ndi maso. Onse awiri achita ng'ala. Ukafika pa Kamphata, patsogolo pang'ono pa Nathenje, pali msewu wopita ku chipatala cha Nkhoma, chimene Malawi yense amachidziwa pa ntchito yochotsa ng'ala, opaleshoni yosatenga ngakhale ola limodzi. Anthu amachoka maboma akutali kudzatsegulidwa maso kumeneko. Bambowa phiri la Nkhoma ankaliona ali pakhonde pomwepa maso asanachite mdima. Chimene chikusowa ndi ndalama ya kabaza, ndi munthu woti asiye dimba lake masiku awiri, awagwire dzanja, akawadikirire.

Khomo lachitatu ndinapitako tsiku lotsatira, ndipo ndinachokako ndi mantha. Ndi la amayi amene kale anali namkungwi wolemekezeka, amene atsikana a midzi itatu anadutsa m'manja mwawo. Lero sakumbukira dzina la mwana wawo woyamba. Anandifunsa kanayi konse kuti, “Kodi ndiwe mwana wa yani iwe?” ndipo nthawi iliyonse ndikayankha ankaomba m'manja mokondwa ngati akumva koyamba. Mwana wawo wamkazi, amenenso ndi wamasiye wolera ana asanu, anandiuza kuti kawiri konse amayiwo atuluka usiku n'kukapezeka mbandakucha pakhomo pa eni, tsiku lina chitenje chitagwera m'njira. Amene anakulira kumudzi akudziwa chimene anthu amanena akapeza gogo wosavala pakhomo pawo m'mamawa. Amati wagwa pa lichero.

Amenewa ndi matenda a ubongo amene madokotala amawatcha dementia, ndipo amagwira okalamba m'mayiko onse, ku London ngati ku Nathenje komwe. Munthu amaiwala njira, amasokoneza usiku ndi usana, amalankhula ndi anthu amene anamwalira kalekale, mwinanso kuvomera mlandu uliwonse umene mwamufunsa. Onjezani maso ofiira ndi utsi wa nkhuni wa zaka 70, ndiye kuti umboni wa anthu osadziwa wakwana. Tisaiwale kuti mu January 2016 ku Neno okalamba anayi anaphedwa tsiku limodzi powaganizira kuti ndiwo anatuma mphenzi imene inapha mtsikana wina. Mwana wa amayi aja tsopano amamangirira chitseko ndi waya kunja akamapita kudimba. Amadziwa kuti n'zochititsa manyazi kutsekera mayi wokubala ngati nkhuku. Anandifunsa kuti ndikanakhala ine ndikanatani, ndipo ndinangoyang'ana pansi.

Pa pepala okalamba athu ndi otetezedwa. Lamulo la za ufiti la 1911 limati kuloza munthu chala kuti ndi mfiti ndi mlandu. Mu 2016 boma linakhazikitsa ndondomeko ya anthu achikulire, ndipo mu 2024 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo loteteza ufulu wa anthu a zaka 60 kupita m'tsogolo, limene bungwe la MANEPO linalimenyera nkhondo zaka zambiri. Kalembera wa 2018 anapeza Amalawi 17.5 miliyoni, ndipo mwa anthu 100 aliwonse pafupifupi asanu anali a msinkhu umenewo. Ochuluka mwa iwo moyo wawo wonse anali alimi, ndipo khasu silipereka penshoni. Mtukula Pakhomo, amene anayambira ku Mchinji mu 2006, amathandizadi, koma amasankha makomo ochepa osaukitsitsa m'dera, ndipo ndalama ikafika pakhomo la anthu asanu ndi awiri siyang'ana kuti wokalamba ndi uti.

Ndiye anakhoza ndani, azakhali kapena msuweni? Kwa agogo a pakhomo loyamba aja, kuwachotsa pakati pa ana awo kungakhale kuwapha. Pamenepo azakhali ndili nawo. Koma mwambo umene azakhali amaudalira unamangidwa pa mayi wokhala ndi ana aakazi pafupi. Mkamwini wosudzulidwa, mayi amene sanabereke, tenanti wobwera chimanjamanja kuchokera ku maesiteti a fodya a ku Kasungu, gogo amene ana ake onse anatha ndi Edzi m'zaka za m'ma 1990, onsewa kuka kulibe malo awo. Kunena kuti Achewa sataya makolo sikufolera denga la munthu.

Komanso ndisanamizire kuti njerwa ndi malata ndiwo chisamaliro. Itati imangidwe nyumba yotere pa Nathenje kapena pa Mitundu, ine sindingayambe kuyang'ana utoto wa pakhoma. Ndingafike nthawi ya nkhomaliro ndione ngati wopanda mano amamuphikira zofewa, maungu, mbatata yophwanya, nkhwani wotendera. Ndingafunse amene amadzuka usiku gogo akaitana, ndiponso ngati bambo amasambitsidwa ndi mwamuna mnzake chitseko chili chotseka. Ndingafune kudziwa amene amakumbukira mankhwala a BP ndi shuga, ndi tsiku lokatenga ena. Koposa zonse ndingaone ngati anthuwo ali ndi chochita. Munthu amene wagwira khasu zaka 60 mukamukhazika pampando tsiku lonse, ngakhale mumupatse tiyi wamkaka, amafota ngati fodya wa m'chigafa. Amafuna kadimba, mtedza woti aswe, mphasa yoti aluke, mwana woti amukalipire, ndi njira yopitira kutchalitchi ndi kumaliro a anzake.

Ndipo ambiri mwa amene ndinawaona safunika n'komwe kusamutsidwa. M'midzi yambiri muli kale sukulu za mkombaphala kumene amayi odzipereka amaphikira ana phala m'mawa uliwonse. Mphika womwewo utakula pang'ono, agogo a m'mudzimo akanamwa nawo, n'kukhala ndi ana aja pamthunzi, ndipo tsiku limene gogo wina sanabwere pakanapezeka wokagogoda pachitseko chake. Amayi a Mvano ndi a m'miphakati amayendera kale odwala. Nyakwawa imene imatha kusonkhanitsa anyamata kukumba manda m'mamawa umodzi ingathenso kuwasonkhanitsa kufolera tinyumba titatu mvula isanagwe.

Tsiku lobwerera ndinadzeranso kwa bambo a ku Joni aja kukatsanzika, ndipo ndinawafotokozera za mkangano wathu. Ndinawafunsa ngati iwo angalole kupita kunyumba yotero. Anakhala chete nthawi yaitali, akusisita bondo. Kenako anafunsa ngati kumeneko kuli amuna anzawo odziwa bawo, chifukwa pamudzi pano onse amene ankasewera nawo anapita. Ndisanayankhe anawonjeza funso lina: “Nanga mdzukulu, munthu akafera kumeneko amakamuika kuti?” Iwo mtima wawo uli pa manda a ku Mitundu kumene kunagona akazi awo, koma amadziwa kuti manda amenewo ndi a eni. A pamudzi pano ndiwo awo, ngakhale adzukulu okumba sawadziwa bwino dzina.

Ndinawasiyira shuga, sopo ndi bulangete limene ndinagula pa Nathenje. Anazisisita chimodzichimodzi n'kuthokoza, kenako anati ulendo wina ndidzawatengere mabatire anayi aakulu, chifukwa wailesi ija ikadali yamoyo.