Makina a Amai

Amai anga atamwalira m'caka ca 2022, anatisiyira nyumba ya ku Kabwata, imene atate anagula m'caka ca 1996, pamene boma la Frederick Chiluba linalola anthu okhala m'nyumba za kanselo kuti azigule. Maliro atatha, akulu ocokera kwathu ku Katete anagawa zobvala monga mwa mwambo, nabwerera kumudzi. Koma cipinda cakumbuyo, m'mene amai ankasungamo zinthu zao, ndinacitseka ndi loko, ndipo mfungulo wake ndinayenda nao m'thumba zaka ziwiri.

Alongo anga a ku Chelstone anali kundidandaulira kawirikawiri. Iwo anafuna kuti tiikemo munthu wa lendi, pakuti ana a malemu mng'ono wathu anali kusowa ndalama za mabuku ndi yunifomu. Tsiku lina anandiuza kuti, "Mlongo wanga, kodi amai munawatsekera m'cipindamo? Si tinawaika tonse kumanda?" Mau amenewa anandilasa mtima, kotero kuti ndinakhala mwezi wathunthu osawalankhula. Ndinaganiza kuti kucotsa zinthu za amai kunali ngati kuwapitikitsa pakhomo pao.

Mvula ya caka cacitatu itayamba, ndinatsegula citseko cija kuti ndione ngati denga linali kudontha. Zimene ndinapeza zinandicititsa manyazi. Ciswe cinali citadya mphasa ndi miyendo ya mpando umene amai ankakhalapo posoka. M'bokosi lacitsulo munalowa cinyezi, ndipo zitenje zimene ankazisunga kaamba ka maukwati zinali zitacita nkhungu. Pansi pa bokosilo ndinapeza kansalu komanga mfundo, ndipo m'kati mwake munali ndalama zapepala za K50,000, za nthawi ija boma lisanasinthe ndalama m'caka ca 2013. Amai anazibisa kuti zidzatithandize pa tsiku la tsoka, koma nthawi yozisinthitsa inapita kale, ndipo tsopano zinali mapepala cabe. Ndinakhala pansi ndi kulira, pakuti ndinaona kuti ine ndinali kucita ndi cipinda conse cimene cinacitika ndi ndalamazo.

Pakona panali makina osokera a Singer, opalasa ndi mapazi. Amai anali telala ku City Market, pa mseu wa Lumumba, ndipo makina amenewa ndiwo anatiphunzitsa sukulu ana onse anai. Atagula ena atsopano, akalewa anawabweretsa kunyumba. M'mamawa wa pa 4 July 2017, moto unatentha mbali yaikulu ya msikawo, ndipo makina atsopano aja, nsalu ndi madiresi a eni ake zinapsa. Amai anabwera madzulo ali phulusa lokhalokha, koma m'mawa mwake anathira mafuta makina akale aja nayamba kusoka pakhonde. Titawafunsa, anati, "Moto wadya nsalu, ana anga, koma manja wandisiyira." Munthu amene anataya katundu wa zaka zambiri usiku umodzi osafooka, ine ndinali kumkumbukira mwa kuumirira mipando yodyedwa ndi ciswe.

Tsono ndinaitana alongo anga, ndipo tinagwira nchito masiku atatu. Zoola tinazitentha. Mapoto, mbale ndi mbaula tinapatsa mdzukulu amene anali kumanga banja. Mtondo ndi munsi zinakwera basi kunka ku Katete, kumene akazi akali kusinja. Pa ciriconse tinali kudzifunsa kuti, kodi ndani adzacigwiritsa nchito mawa? Cimene tinasowa yankho lake sitinacibwezere m'cipinda. Ine ndinatenga Baibulo lao lokha, limene pacikuto pake analembapo masiku athu obadwa, ndipo alongo anga anatenga citenje cimodzi cimene cinapulumuka.

Makina ndiwo anandibvuta koposa. Dzimbiri linali litayamba kugwira gudumu, ndipo pa ife panalibe wodziwa kusoka. Potsiriza tinakumbukira mai wina wamasiye amene amai anamphunzitsa kudula nsalu, amene anali kubwereka makina a anzake pamsika pomwepo. Tinakwera nao galimoto mpaka m'tauni, mnyamata wa wilibala nawakankha pakati pa milu ya salaula. Maiyo atawaona, anagwada, naomba m'manja, osatha kunena kanthu. Anawapukuta, nathira mafuta, naika phazi. Pamene gudumu linazungulira, ndinamva kulira kuja kumene ndinali kugona nako ndiri mwana, kumene sindinakumve zaka ziwiri zonse zimene makinawo anali anga.

Inu anzanga amene mwangotsiriza sukulu, tsiku lidzafika pamene mudzaima m'cipinda cotere, mfungulo uli m'manja mwanu. Musadzacite manyazi kulira, ndipo musadzalole munthu kukufulumizani maliro asanazizire. Koma musadzacedwenso monga ndinacedwera ine, pakuti ciswe sicidikira kuti mtima upole. Makolo anati kupatsa nkuika. Ndikapita ku tauni masiku ano ndimadzera ku City Market, ndi kuima pang'ono pafupi ndi atelala. M'cipinda cija mukugona mphunzitsi wina, ndipo lendi yake ikugulira mabuku ana a mng'ono wathu.