Tinagula nyumba yokhala ndi anthu ake

Lero ndikusimbirani za nyumba imene ine ndi mayi akunyumba tinagula kuno ku Nkhata Bay, chifukwa mu Ramadhan ya 2024 nkhani yake inandisautsa kuposa njala ya masana.

Kwathu ndi ku Nkhotakota, koma ndatha zaka 12 kuno ndikugula usipa n'kumakagulitsa ku Mzuzu. Nyumbayi ili chakumtunda kwa msika, pamalo poti ukaima pakhonde umaiona Ilala ikamakocheza padoko. Ndi yakalekale, ya njerwa zootcha, makoma ake okhuthala moti msomali umapindika. Kutsogolo kunali sitolo, kumbuyo kuli mdadada wa zipinda. Achikulire amati anaimanga ndi mmwenye wamalonda, amene anachoka m'ma 1970 pamene boma la Dr Banda linalamula amwenye kuti asiye malonda akumidzi n'kusamukira m'mizinda ikuluikulu. Kuyambira pamenepo yadutsa m'manja ambiri, ndipo aliyense ankangoonjezera khoma lake mpaka munakwana mabanja anayi.

Ndalama tinasunga kwa zaka zambiri, koma mu November 2023 kwacha itagwa ndi 44 peresenti, mtengo wa nyumba unathawa ife tikuona. Ngongole ya chiwongoladzanja sitinaifune, inu mukudziwa za riba. Amene anatipulumutsa ndi achimwene anga a ku Johannesburg. Anatibwereka popanda kuonjezera kanthu, koma pangano linali loti tibweze m'marandi, m'zaka zitatu, kuchokera pa lendi. Za mapepala ndingonena mwachidule: ndinakwera ku Mzuzu katatu kukatsimikiza liizi ku ofesi ya za malo, ndipo sindinapereke tambala mpaka ana onse a malemu mwini nyumba atasaina. Ana anga a sukulu, nyumba ya masiye musamaigule kwa mwana mmodzi, ngakhale akhale woyamba kubadwa.

Chimene sindinachiwerengere bwino ndi anthu amene tinawapezamo. Munali banja la mphunzitsi wa ku Rumphi, Atumbuka. Munali mnyamata wa ku Mbamba Bay, kutsidya ku Tanzania, wogulitsa zitenje, amene Chichewa chake ndi theka Chiswahili. Munali wina wogwira ntchito m'maloji a ku Chikale, wabwerabwera usiku atalawa. Ndipo chipinda chakumapeto munali gogo wachitonga, namfedwa, mayi wa Umanyano wa CCAP, amene tonse timangowatchula kuti Ama. Onsewa mita ya magetsi imodzi, mpopi umodzi, mikangano ya mayunitsi mwezi ndi mwezi.

Nditakhala pansi ndi cholembera, lendi yawo yonse sinkakwana ngakhale theka la zimene ndinayenera kutumiza ku Joni. Anzanga apamsika anati nkhani ndi yapafupi: atulutseni onse, pakani penti, muikemo ogwira ntchito m'mabungwe. Sindinama, ndinaona kuti akunena zanzeru. Makalata anayi a notisi ndinawalemba mwezi utatsala pang'ono kuoneka, n'kuwaika m'thumba la kanzu kuti ndipereke ikatha Ijumaa.

Ijumaa yoyamba inadutsa. Ndinadziuza kuti si bwino kuyamba mwezi ndi kuthamangitsa anthu. Yachiwiri inadutsanso.

Ramadhan ya chaka chimenecho inagwera mu March ndi April, pamene mvula ya kuno imagwa ngati yakwiya. Usiku wina titadzuka kudya dakwi, ndinamva zidebe zikulira kumapeto kwa mdadada. Ndinakapeza Ama atakhala pampando, mphasa ataipinda, madzi akudontha malo asanu. Ndinawafunsa chifukwa chake sanandiuze. Anati, "Ada, alandilodi atsopano ukawauza za denga amakuyankha ndi notisi." Kalata yawo inali m'thumba langa nthawi yomweyo.

Tinakhala mpaka adhana ya Subuhi ili pafupi, iwo akusimba. Akhala m'chipindacho zaka zoposa 20. Anandiuza za 3 March 1959, ali kamtsikana, tsiku limene asilikali anaombera anthu padoko pomwe pano, pamene khamu linasonkhana chifukwa cha omangidwa amene anawaika m'sitima ya Mpasa. Ine ndakhala ndikudutsa pamalopo ndi matumba a usipa zaka zonsezi, mbiri yake ndikungoimva patali. Iwo amakumbukira kumene anathawira. Ana awo awiri anamwalira, wotsala ali ku Tanzania ndipo samveka. Sanandipemphe kanthu. Anangofunsa ngati kondowole amaloledwa pa futari, poti anaona mayi akunyumba akuvutika ndi moto madzulo.

Musaganize kuti kuyambira pamenepo zonse zinakoma. Mnyamata wa ku Chikale tinakangana kawiri chifukwa cha phokoso pa nthawi ya Taraweh, ndipo pomaliza anasamuka yekha, ine osamuletsa. Aphunzitsi ndi wazitenje ndinawakwezera lendi, tinakambirana pakhonde, ndipo aphunzitsi sanandilankhule sabata yathunthu. Ya Ama ndinaisiya pomwe inali. Ndalama zimene ndinasungira penti ndinagulira malata.

Chovuta chinali foni ya ku Johannesburg. Achimwene nawonso ali ndi ana, ndipo marandiwo anawapeza ndi thukuta, akugona anthu asanu m'chipinda chimodzi. Kuwauza kuti zaka zitatu zija zikhala zisanu chifukwa cha gogo amene iwo sanamuonepo, chifundo changa chinali kulipiridwa ndi thumba la wina. Mpaka lero sindinganene kuti ndinawachitira chilungamo. Anakhala chete nthawi yaitali, kenako anati, "Walemba pati zimenezi?" Tinalembanso pangano, mboni ziwiri, tsiku lililonse lobweza lili pamenepo.

Ndatumiza kale magawo asanu ndi awiri, limodzi mochedwa. Denga la kumapeto latha, la aphunzitsi likudonthabe pakona, ndipo mmisiri akuti mitengo yake yadyedwa ndi chiswe.