Kakamera kamene kanasunga mawu a mayi

Dzulo mwana wanga anandifunsa chifukwa chimene ndimasungirabe kakamera kakale m'kabati pomwe foni ilipo. Ndati ndikufotokozereni nanunso.

Mu 2008 mayi anga anayamba kudwaladwala kumudzi ku Ntcheu. Ndinkafuna kuwajambula akufotokoza mbiri ya banja lathu nthawi isanathe. Ndalama zinali zochepa, zimene ndinapeza pochonga mayeso a MSCE, ndiye sindinafune kuphonya. Alamu anga a ku Johannesburg ananditumizira mitengo ya makamera a mitundu itatu: ya tepi ya MiniDV, ya kachimbale ka DVD, ndi ya khadi la SD.

Ya DVD ndinaisiya chifukwa kachimbale kankadzaza pa mphindi pafupifupi 30, pomwe mayi akayamba nkhani sankaimaliza msanga. Ya khadi inali yopepuka, yolowa m'thumba, koma makhadi anali odula masiku amenewo. Tepi imodzi inkatenga mphindi 60, choncho ndinasankha ya tepi.

Alamu anakopeka ndi manambala akuluakulu a digital zoom pa katoni. Ndinawauza kuti ayang'ane optical zoom, imene magalasi amasunthadi, chifukwa inayo imangokulitsa madontho. Ndinawapemphanso kuti ikhale ya PAL, osati NTSC ya ku America, komanso agule batire lachiwiri poti kumudzi kunalibe magetsi.

Pa zithunzi pokha ndinagwa nayo. Pa kagalasi ka kamera zinkaoneka bwino, koma nditazitsukitsa nkhope zinatuluka ngati zili mu nkhungu.

Mayi anatisiya mu 2010. Matepi 6 anangokhala m'kabati, ine ndikuti ndiwakopera mawa. Kukopera kumafuna chingwe cha FireWire, ndipo tepi ya ola limodzi imatenga ola lathunthu ndi malo pafupifupi 13 GB. Pamene ndinkadzidzimuka, makompyuta atsopano analibenso polowetsa chingwecho. Mtima unandipweteka. Mu 2023 mnzanga wina anapeza kompyuta yakale kwawo, ndipo mwa matepi 6 aja tinapulumutsa 5. Imodzi inali itachita nguwi.

Usiku umenewo ana anamva agogo awo akutchula mayina a makolo athu mmodzimmodzi, kwinaku akukalipira nkhuku. Palibe anayankhula.

Ndiye abale, kaya mugula kamera kaya mujambula pa foni, yambani mwadzifunsa kuti pakapita zaka 15 mudzaonera pa chiyani. Ngati muli ndi matepi m'nyumba, akopereni mwezi uno.