Khuntho la Azakhali

Amene sanafululepo mowa amayesa kuti ntchito yonse ili pa moto ndi pa chimera. Ai ndithu. Mowa wa masese umakoma kapena kuonongeka pa tsiku lomaliza, tsiku lokuntha. Chimera chachita kale zake, chasandutsa phala kukhala lotsekemera, phalalo lawira usiku wonse m'dramu mpaka kuwawa. Chatsala ndi kulekanitsa mowa ndi gaga, ndipo apa m'pamene pamafunika thumba.

Kale kwathu ankakunthira m'khuntho, kathumba katali kolukidwa ndi mlaza. Umathiramo phala ndi chipanda, n'kumapotokola ngati ukufinya chovala chonyowa. Woluka wake ankadziwa kukula kwa maso ofunika. Maso akachepetsa, mowa umatuluka wamadzimadzi, ndipo akumwa amadandaula, poti kwa munthu wochokera kumunda mowa ndi chakudyanso. Akakulitsa, gaga amadutsa n'kumakanda pakhosi.

Azakhali anga, amene mowa wawo unandilipirira fizi ya ku sekondale, khuntho lawo linatha nkhalamba yoluka itamwalira. Sanadandaule nthawi yaitali. Anayamba kuyesa zilizonse za m'nyumba, ndipo ine, pokhala wotunga madzi pa holide, ndinaziona zonse. Chitenje chatsopano chinasiya utoto ndi fungo la m'sitolo. Chakale chinang'ambika phala lili m'kati. Pilokesi, imene ankasungira alendo, inatulutsa mowa woyera bwino koma wopyapyala, ndipo inatenga m'mawa wonse. Amuna anali atakhala kale pansi pa mtengo wa mango akufunsa ngati kuli maliro. Chiguduli chinapereka mowa wa ubweya.

Chimene chinapambana ndi thumba la feteleza, la makilogalamu 50 lija, loluka ndi ulusi wa pulasitiki. Maso ake ali pafupifupi ngati a mlaza, silimwa mowa, ndipo anthu awiri akhoza kulipotokola osang'ambika. Makuponi a feteleza atayamba mu 2005, matumbawa anachuluka m'midzi. Koma thumba limene munali Urea kapena 23:21 si mbale ya nsima. Azakhali ankachotsa pepala la m'kati, kulitembenuza, kuliviika m'madzi masiku awiri, kulichapa ndi phulusa, kenaka n'kuliyanika padzuwa. Akapeza la shuga kapena la mpunga, la feteleza ankalisiya.

Pa neti ya udzudzu pokha m'pamene ankakana kwamtuwagalu. Ena m'mudzimo ankakunthira, monga momwe ena kunyanja amagwirira nsomba ndi neti yomweyo, poti imakuntha msanga ndipo amaipeza ulere kuchipatala. Koma ulusi wake uli ndi mankhwala opha udzudzu, opangidwa dala kuti asachoke msanga ngakhale uchape. "Mwanangu," ankatero, "anthuwa amandikhulupirira, amamwa osayang'ana m'chikho." Mnzawo wina wa neti ankayamba kugulitsa iwo akadali kufinya, ndipo masiku ena ankawalanda makasitomala.

Inu anzanga amene mumati mowa weniweni ndi wa m'botolo wokha, kuyambira muja Carlsberg inatsegula fakitale yake ku Blantyre mu 1968, dziwani kuti nakonso amasefa. Kungoti thumba lawo ndi lachitsulo. Zotsala m'thumba la Azakhali sizinkatayidwa. Zina ankapatsa nkhumba, zina ankagula mayi wina wa kutsidya kwa mtsinje wotcheza kachasu, ndipo ndalama yakeyo ndiyo inali yanga ya sopo ndi ya basi yobwerera kusukulu.