Njinga Yakuda ya pa Chinakanaka

Pa Chinakanaka, m'boma la Mulanje, pamsewu waukulu wochokera ku Limbe wolowera ku Mulanje boma mpaka ku chipata cha Muloza, tsiku limayamba ndi kulira kwa mabelu a njinga. Nkhungu idakali yambalala m'tsinde mwa phiri, anthu amakhala atayamba kale kupalasa. Wina wamanga mitolo ya nzimbe, wina madengu a nanazi, wina matumba a makala osanjikizana mpaka kupitirira mutu wake, kotero kuti wobwera pambuyo amangoona katundu akuyenda yekha, timiyendo tiwiri tikuvinavina kunsi kwake. Alendo odzaona nsonga ya Sapitwa, yotalika mamita 3,002, amadutsa pagalimoto maso ali kumwamba. Eni dera maso awo amakhala m'mphepete mwa phula, poti m'menemo ndimo muyenda chakudya chawo.

Njinga ya magudumu awiri ofanana, yoyendera tcheni, inayamba kutchuka ku England m'chaka cha 1885, pamene John Kemp Starley wa mumzinda wa Coventry anatulutsa njinga yotchedwa Rover. Mu 1888 John Boyd Dunlop anapanga tayala lopopera mpweya, ndipo patangopita zaka zitatu, mu 1891, tiyi anayamba kudzalidwa ku Mulanje. Poyamba njinga inali ya Azungu a m'minda ya tiyi ndi a ku mishoni. Pambuyo pake inafika kwa akalaliki, akapitawo, aphunzitsi ndi amesenjala a kwa DC. Koma amene anaifikitsa m'midzi mwenimweni ndi amuna amene ankapita ku Joni ndi ku Salisbury kukagwira ntchito. Munthu akabwera kuchokera ku Wenela, anthu ankayembekeza kuona zinthu zitatu: sutikesi, wailesi ndi njinga ya Humber kapena Raleigh. Inkakwezedwa padenga la basi ya UTM, chiwongolero atachipotoza kuti chigone, ndipo mwini wake pa siteji iliyonse ankasuzumira pawindo kuopa kuti wina angamutsitsire. Njira imeneyi inatsekeka kwa kanthawi ndege yonyamula anthu a m'migodi itagwa ku Francistown, m'dziko la Botswana, mu Epulo 1974, n'kupha Amalawi oposa 70. Pang'ono ndi pang'ono malo a njinga za ku England anatengedwa ndi za ku India monga Hero ndi Avon, ndi za ku China monga Phoenix. Maonekedwe ake okha sanasinthe: yakuda bii, yolemera, ya mtanda, magudumu a mainchesi 28, mabuleki a ndodo zachitsulo.

Pafupi ndi msika wa Chinakanaka, pansi pa mtengo wa mango, pamakhala mkulu wina wokonza njinga. Zipangizo zake n'zochepa: masipanala angapo, hamala, mpope, beseni la madzi lofufuzira pamene chubu chabooka, ndi chitini cha girizi. Mu 2015 nandolo anagulidwa pamtengo wabwino kwambiri, ndipo mwana wa mlongo wake wa mkuluyu, mnyamata amene anali atangolowa kumene chikamwini m'mudzi wina chakufupi, anapezeka ali ndi ndalama zokwanira kugula njinga kwa nthawi yoyamba m'moyo wake. Mtima wake unali utagwa kale pa njinga ina ya kaunjika yochokera kunja, yofiira psuu, yopepuka ngati nthenga, ya magiya 18. Anabwera nayo poyesa kuti atsibweni ake aione asanapereke ndalama.

Mkulu uja anaizungulira kawiri, naitukula ndi dzanja limodzi, naiikanso pansi.

"Mphwanga, njingayi ndi yokongola. Tsono ukufuna kuti izikunyamula iwe, kapena izinyamula banja lako?"

"Atsibweni, imeneyitu pachitunda simutsika. Mungosintha giya basi, n'kumapita."

"Ndamva. Nanga kachitsulo kosinthira tchenika kakathyoka uli ku Muloza, ukakagula kwa yani?"

Mnyamata uja anangoti chete, maso pansi, chala chikuseweretsa belu.

Funso la mkuluyu linali lolemera kuposa mmene linamvekera. Njinga ya magiya ili ndi ubwino wake, ndipo palibe angakane zimenezo. Mwana wa sukulu, mlangizi wa zaumoyo kapena mphunzitsi wonyamula mabuku okha amafika msanga ndiponso asanatope. Koma anaipanga anthu oganizira munthu mmodzi wopita kokasangalala. Tcheni chake n'chopyapyala kuti chizitha kudumpha kuchoka pa dzino lina kupita pa lina, ndipo chikakumana ndi katundu wolemera ndi fumbi la m'chilimwe sichichedwa kutha. Magudumu ake ambiri ndi a mainchesi 26, ndipo zitsulo zake zimasiyana malinga ndi fakitale imene inaipanga, mwakuti chochotsedwa pa njinga ina sichilowa pa inzake. Njinga yakuda ija ndi yosiyana. Kotapini wa Hero amalowa pa Avon, sipoko ya Avon imalowa pa Phoenix, ndipo m'kagolosale kalikonse kuyambira pa Nkando mpaka ku Limbuli munthu amapezamo chubu, tayala, pedulo ndi mabuleki ake. Ikawonongeka pathengo, mwala ndi sipanala imodzi zimakwanira kuifikitsa kunyumba. Akale anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Njinga yofiira ija nyerere zake zikanaoneka pa tsiku loyamba kuthyoka.

Mnyamata uja anabweza njinga yofiira ija mtima ukuwawa, nakagula yakuda ku Limbe. Anadabwa kuona kuti atsibweni ake, m'malo momuyamikira, anayamba kuiphwasula tsiku lomwelo. Njinga ya m'sitolo, kwa anthu a dera lino, imakhala isanathe kupangidwa. Kaliyala wake wa fakitale ndi wonyamulira mwana kapena kathumba ka mchere. Amamuchotsa n'kupita kwa wowotcherera kuti apange wina wa zitsulo zomangira nyumba, wotambalala, wa miyendo inayi yotsikira pa habu. Masipoko a gudumu lakumbuyo, amene amakhala 36 kapena 40, amawachotsa onse n'kulukamo ena onenepa. Foloko yakutsogolo amailimbitsa ndi tizitsulo tiwiri kuti isapindike ikagwa m'dzenje. M'kati mwa tayala ena amayalamo chidutswa cha tayala lakale kuti minga isafike pa chubu. Ndipo chubu chakutha sachitaya: amachidula malegeni, amene ndiwo chingwe chomangira katundu yense pamsewu umenewu.

Kuluka gudumu ndiyo ntchito imene imasiyanitsa mmisiri ndi wongoyerekeza. Mkulu uja anatembenuza njinga chagada, nakhala pa kampando kake, nayamba kukunga sipoko imodziimodzi. Akakunga ya mbali iyi amapita kukakunga ya mbali inayo, kenaka amazunguza gudumu, chala chachikulu atachiika pafupi ndi limu kuti amve pamene likukhudza. Nthawi zina amaimenya sipoko ndi sipanala n'kutchera khutu, poti yolimba bwino imalira mosiyana ndi yolobodoka. Sipoko imodzi ikalekerera, zinzake zoyandikana nazo zimasenza katundu wake, ndipo zimayamba kuduka motsatizana mpaka limu lipindike ngati chipande. Ntchito imeneyi inatenga masana onse. Mphwake uja anatopa n'kudikira, koma mkuluyo sanafulumire ngakhale pang'ono.

Chaka chotsatira mvula inavuta, ndipo mu Epulo 2016 boma linalengeza kuti dziko lili pa ngozi ya njala. Nkhokwe za m'mudzi mwa mkazi wa mnyamata uja zinali mbee chaka chisanafike pakati. Mkamwini amene sabweretsa chakudya m'nyengo yotere amamva mawu ngakhale kwa ana. Apa mpamene njinga yakuda inayamba kubweza ndalama zake. Kwa zaka zambiri, makamaka chithere nkhondo ya ku Mozambique mu 1992, chimanga cha ku Milange chakhala chikulowa m'Malawi kudzera ku Muloza, ndipo chochuluka chimaoloka panjinga. Kuchokera ku Mulanje boma kukafika kuchipatako ndi makilomita pafupifupi 30. Mnyamata uja ankanyamuka kudakali mdima, n'kudutsa pa Chitakale ndi m'minda ya tiyi kusanatenthe, ndipo pobwerera amakhala atamanga matumba awiri a makilogalamu 50, tsiku lina atatu. Limodzi linali la pakhomo, enawo ogulitsa.

Kumanga katundu wotere nakonso ndi luso. Thumba likapitirira kumbuyo kwa habu, gudumu lakutsogolo limanyamuka, njinga n'kuima ngati tonde wofuna kugunda mnzake. Likapendekera mbali imodzi, mkono umodzi umalimbana nalo ulendo wonse. Odziwa amalowetsa thumba lina m'kati mwa felemu, kunsi kwa mtanda, kuti kulemera kutsike pansi ndi kugawikana pa magudumu onse awiri. Akatero kupalasa kumavuta, ndipo pachitunda munthu amatsika n'kumakankha, phewa lili pa katundu, thukuta lili kamukamu. Ambiri amayenda ndi mtengo wa mphanda wochirikizira njinga akafuna kupuma, chifukwa ikagwa ndi katundu wake munthu mmodzi sangaidzutse.

Komatu chitunda chimangotopetsa, pamene mtsetse umapha. Mabuleki a ndodo amagwira limu lachitsulo ndi timphira tiwiri, ndipo limu likanyowa timphirato timangotsetsereka. Ku Mulanje kunyowa sikusowa. Ngakhale m'miyezi ya Juni ndi Julayi, pamene madera ena kuli gwaa, kuno kumagwa chiperoni, mvula yowaza imene dzina lake linachokera ku phiri la Chiperone la ku Mozambique. Munthu wa makilogalamu 60 amene wanyamula makilogalamu 150 pamtsetse wonyowa amakhala akuyendetsedwa ndi katundu wake. Anyamata ena, pofuna kusunga ndalama ya timphira tatsopano, amaponda tayala lakutsogolo ndi patapata kuti aime. Nzeru imeneyi yagoneka ambiri m'chipatala, ndipo ena sanabwerereko. Mkulu wa pansi pa mango uja ali ndi lamulo lake limene makasitomala ena amadana nalo: njinga yobwera kudzamatidwa chubu sichoka pamalo pake asanaione mabuleki. Pa ichi yekha ndiye akulondola. Nyali ndi kagalasi konyezimira kumbuyo nazonso anthu amaziyesa zokongoletsera, chonsecho msewu ndi wopapatiza, malole a tiyi ndi maminibasi amathamanga, ndipo woyendetsa galimoto usiku saona thumba la makala kufikira ataligunda.

Njinga ija sinali ya mwamuna yekha. Masiku amene iye anali kumunda, mkazi wake ankaikwera kupita kuchigayo ndi kusikelo ya mwana, atakwinya chitenje pakati pa miyendo kuti chisakodwe m'tcheni. Amayi a ku Mulanje ndi ku Phalombe amapalasa mopanda manyazi, mwana ali kumsana, ndipo anayamba kutero kale, ngakhale m'zaka za pakati pa 1973 ndi 1993 pamene lamulo linkaletsa akazi kuvala mathalauzi. Chodandaulitsa n'chakuti njinga yachikazi, yopanda mtanda, siilimba pa katundu wolemera, choncho banja logula njinga imodzi limasankha ya mtanda, mayi n'kumavutika pokwera ndi potsika.

Mu 2017 dziko la India linachepetsa nandolo amene limagula kunja, ndipo mtengo wake unagwa mochititsa chisoni. Alimi ambiri anangounjika matumba m'nyumba. Mnyamata uja anasokerera kansiponji pa kaliyala wake, naika tizitsulo topondapo mapazi, nayamba kabaza pa siteji ya Chinakanaka. M'mawa ankanyamula anthu, madzulo katundu wa ogulitsa mumsika. Usiku wina ananyamula apongozi ake aakazi, atadwala mwakayakaya, kupita nawo kuchipatala, mlamu wake akuthamanga pambali kuwagwiriza kuti asagwe. Kuyambira pamenepo mawu aja onena za mkamwini anazilala m'mudzimo.

Masiku ano pa siteji pomwepo padzaza njinga zamoto. Zimafika msanga, zimakwera chitunda zili ndi anthu awiri, ndipo wokwera amene ali ndi ndalama sayang'ananso kapalasa. A kabaza wopalasa atsala ndi maulendo afupiafupi ndi anthu a ndalama zochepa. Komabe mafuta akasowa, monga zinachitikira mu 2022, kapena kwacha ikagwa, monga mu Novembala 2023 pamene inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, anthu amabwerera kwa wopalasa. Namondwe wa Freddy atakokolola milatho ndi misewu ya ku Mulanje ndi ku Phalombe mu Malichi 2023, panali malo amene galimoto ndi njinga yamoto yomwe zinalephera kudutsa. Wa kapalasa ankamasula katundu, n'kuolotsa thumba pamutu, n'kubwerera kudzasenza njinga paphewa, n'kumanganso kutsidya.

Mnyamata uja tsopano ndi bambo wa ana atatu, ndipo woyamba watsala pang'ono kupita ku sekondale. Maondo ayamba kumuwawa kukazizira. Anzake angapo anatenga njinga zamoto pangongole, ndipo amapereka ndalama kwa eni ake sabata ndi sabata. Ena anamaliza kulipira, ena analandidwa. Tsiku lina anabwera pansi pa mango paja kudzasinthitsa kotapini, nakhala nthawi yaitali osanena kanthu.

"Atsibweni, pali munthu akufuna kundipatsa yamoto. Akuti ndiyambe ndapereka kangachepe. Ndikagulitsa iyi, ndi mbuzi ziwiri zija, zikwana."

Mkulu uja anapitiriza kukhoma kotapini mpaka analowa. Anapukuta manja pa chigamba cha ovolosi yake, nayang'ana felemu ija, imene utoto wake wakuda unatha kalekale pamene pamakhudza matumba.

"Za yamoto sindizidziwa, mphwanga, ukafunse amene akuyenda nazo, makamaka amene analandidwa aja. Mbuzi gulitsa ngati mwagwirizana ndi mayi a kunyumba. Koma iyi ukaigulitsa, udzayambe wandiuza ine. Gudumu lakumbuyoli ndinaluka ndekha."

Bambo uja analipira kotapini, nakankha njinga yake kupita ku siteji, kumene mayi wina wa dengu la tomato anali akumukodola kale.