Kodi Mwana Asenze Maphunziro Awiri Nthawi Imodzi?

Masiku ano ana athu akamaona anzawo a madigiri akungokhala pakhomo, amaganiza kuti mankhwala ake n'kuunjika masatifiketi. Maganizo amenewa anafikanso m'nyumba mwathu kuno ku Salisbury Lines, mumzinda wa Mzuzu, pamene mwana wathu wachisamba anasankhidwa kukachita digiri ya zamakompyuta pa Mzuzu University. Ife kwathu n'kunyanja, ku Nkhotakota. Kuno tinabwera ndi malonda, ndipo chimene chimatidyetsa ndi benchi ya usipa kumsika ndi kaokala kapakhomo.

Mnyamatayu cholinga chake n'kudzakhala ndi bizinesi yakeyake. Tsono anatiuza kuti makompyuta okha sangamuphunzitse kusunga mabuku a ndalama, choncho akufuna ayambire limodzi ndi maphunziro a akauntingi. Kumayiko ngati America wophunzira amaloledwa kutenga nthambi ziwiri zikuluzikulu m'digiri imodzi. Kwathu kuno mwana amasankhidwira ku pulogalamu imodzi kudzera ku bungwe la NCHE, ndipo wofuna zachiwiri amadzifunira yekha pambali. Ambiri amalemba mayeso a ICAM, bungwe la akatswiri owerengera ndalama m'dziko muno, kapena a ACCA a ku Britain. Makalasi ake amapezeka ku Malawi College of Accountancy, imene ili ndi nthambi muno mu Mzuzu.

Mfundo za mwanayo zinali zomveka. Tonse amalonda tinaonapo benchi ikugwa, osati chifukwa chosowa ogula, koma chifukwa mwini wake sankasiyanitsa mpamba ndi phindu. Munthu wodziwa mabuku amatha kuika mtengo woyenera pa ntchito yake, amadziwa msonkho umene a MRA akufuna, ndipo wantchito sangamubere m'maso muli gwa. Pamenepo sitinamutsutse. Chimene chinatiimika mitu ndi mawu akuti "nthawi imodzi".

Choyamba tinawerengera ndalama. Digiri ndi ya zaka 4, ndipo chaka chilichonse pamafunika fizi, mabuku, chakudya ndi intaneti. Mwayi wathu ndi wakuti Luwinga, kumene kuli yunivesite, sikutali ndi kuno, choncho mwana amagona pakhomo. Boma linakhazikitsa bungwe lokongoza ndalama ophunzira a m'mayunivesite mu 2015, koma si onse opempha amene amalandira, ndipo mayeso apambali amalipiridwa kuchokera m'thumba la kholo. Mayeso a ACCA mtengo wake umawerengedwa m'mapaundi. Mu November 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo aliyense wolipira zinthu zakunja anadzuka ndi katundu wolemera kuposa dzulo lake. Komanso ndalama ya usipa siibwera mofanana chaka chonse. Mwera ukalimba m'miyezi yozizira asodzi sapita panyanja, benchi imakhala yopepuka. Dzinja likafika, kuno kwathu n'kudambo, madzi amalowa m'nyumba ndipo kandalama kamathera kukonza zipupa. Pambuyo pa mnyamatayu palinso azing'ono ake awiri a ku sekondale.

Chachiwiri tinawerengera nthawi. Mayeso a ICAM amalembedwa mu June ndi mu December, pamene ku yunivesite nako ntchito siidikira munthu. Malamulo a kumeneko ndi akuti wolephera maphunziro angapo amabwereza, ndipo zikanyanya amachotsedwa. Malo m'mayunivesite a boma ndi ochepa, ana ambiri okhoza bwino MSCE amatsala. Kutaya malo otere chifukwa chothamangitsa pepala lachiwiri kungakhale kulira kwa banja lonse.

Monga mwa mwambo wathu, tinaitana amjomba ake kuchokera ku Nkhotakota kuti nawonso aikepo mlomo. Iwo anamvetsera mbali zonse, kenaka anati, "Mphwanga, mapanga awiri avumbwitsa. Fizi ya azing'ono ako ikuchokera m'beseni lomweli la usipa. Ukagwa kuwiri, wagwetsa anthu atatu."

Mwanayo anayankha mwaulemu kuti, "Ndamva, amjomba. Koma ndikaleka zamabukuzi, bizinesi ndidzaiphunzirira kuti?"

Mayi ake ndi amene anamasula mfundoyo. Anati, "Mwanangu, mabuku ali pakhomo pano. Yamba ndi athuwa."

Tinagwirizana chotere. Zaka ziwiri zoyamba achite digiri yokha ndi mtima wonse. Patchuthi chilichonse azisunga mabuku a benchi ndi a okala: alembe zimene tagula ku Nkhata Bay, zolipira galimoto, chiphaso chamsika, usipa umene wafumbwa, ndi ngongole za anthu otenga katundu poyembekezera malipiro a mwezi. Akafika chaka chachitatu ali ndi magiredi abwino, ayambe mayeso a ICAM, amene amalipiridwa m'makwacha, pepala limodzi kapena awiri pa nthawi. Ndalama yake tizipatula m'miyezi imene usipa wachuluka. Zotsalazo adzamaliza madzulo akadzayamba kudzipezera yekha.

Phindu tayamba kale kuliona. Patchuthi choyamba mnyamatayu analowetsa kope lathu la ngongole m'kompyuta, n'kutionetsa kuti ndalama zimene zili m'manja mwa anthu zikanatha kugula matumba ena a usipa. Anayendera okongolawo mmodzimmodzi mwaulemu, ndipo ambiri anabweza.

Kwa inu makolo anzathu a ku Mangochi, Salima, Nkhotakota ndi kwina konse, mwana akabwera ndi pempho lotere musamukalipire, pakuti kufuna kudziwa zambiri si mlandu. Khalani naye pansi, mufunse ngati phunziro lachiwirilo likuthandiza loyambalo, muwerengere limodzi ndalama za zaka zonse osati za teremu imodzi, ndipo muganizirenso azing'ono ake. Digiri ili ndi nyengo yake, pamene mayeso a akauntingi munthu amalemba ngakhale ali ndi imvi. Wathuyu, Insha Allah, adzakhala nazo zonse ziwiri, china chikatha china.