Botolo Limene Ndinagulira Amayi

Achichepere anzanga, ngati munayendapo m'tauni kuchokera ku Cairo Road kutsikira ku City Market, muyenera kuti munaona mabotolo okongola a mankhwala a zitsamba amene amati "amalinganiza mahomoni." Ine ndinagulapo limodzi. Ndinagulira amayi anga, ndipo ndifuna kukusimbirani chimene chinatsatira, pakuti mwinamwake inunso ndinu "wophunzira wa panyumba" amene makolo amafunsa asanamwe mankhwala.

Matenda a amayi anayamba mwakachetechete. Ankatopa osagwira ntchito. Ankavala juzi mu Okutobala, mwezi umene aliyense kwathu ku Kabwata amafunafuna mthunzi. Thupi linali kunenepa chikhalirecho chakudya sichinawonjezeke, tsitsi linali kuthothoka, ndipo pakhosi panatupa pang'ono. Ku UTH anawapima mwazi napeza kuti chithokomiro chawo chafooka.

Kodi chithokomiro nchiyani? Ndi kachiŵalo ka pakhosi, kooneka ngati gulugufe, kamene kamapanga homoni yotchedwa thyroxine. Homoni imeneyi imalamula liŵiro limene thupi limasandutsira chakudya kukhala nyonga ndi kutentha. Ikachepa, kachiŵalo kena ka m'munsi mwa ubongo kamatulutsa homoni ina, TSH, yochuluka kuti kadzutse chithokomirocho, monga mmene kondakitala amamenyera chitseko cha minibasi imene yathera mafuta panjira. TSH ya amayi inali yokwera kwambiri. Asilikali a m'thupi mwawo ndiwo anali kuwononga chithokomirocho, nthenda imene dokotala wa ku Japan, Hakaru Hashimoto, anaifotokoza mu 1912.

Anawapatsa kam'bulu ka levothyroxine, kamodzi m'mamaŵa uliwonse asanadye kanthu. Patapita miyezi iŵiri juzi inabwerera m'sutukesi. Komabe liwu limodzi la dokotala linawavuta mumtima: "kwa moyo wonse." Nanenso linandivuta.

Chotero pamene mnzanga wina wa kukoleji, amene amagulitsa mabotolo ameneŵa ku Woodlands, anandiuza kuti mankhwala a kuchipatala amangophimba nthenda koma achilengedwe amachiritsa muzu wake, ndinamva zimene ndinafuna kumva. Ndinawononga pafupifupi theka la malipiro anga. "Amayi, yesani aŵa," ndinatero, "mwina mibulu ija mudzaileka." Iwo anati, "Iwe ndiwe unapita kusukulu, mwana wanga." Poyamba ankamwa zonse pamodzi. Pambuyo pake anasiya mibulu ija, ine ndikudziŵa.

Tsiku lina Lamlungu azakhali anabwera kuchokera ku Chelstone napeza amayi ali mtulo masana, atafunda bulangete, nkhope itatupa. Ananditengera panja nandifunsa kuti, "Iwe mwana, alamu anga akumwa chiyani?" Ndinasoŵa poyang'ana.

Dokotala sanatikalipire. Anangopempha botolo lija naŵerenga zolembedwa kumbuyo kwake, zimene ine wophunzira sindinaŵerenge. Munali kasiyamu, ayironi ndi ndere za m'nyanja. Anafotokoza kuti kasiyamu ndi ayironi zimagwira levothyroxine m'matumbo kotero kuti sailoŵa bwino m'mwazi. Nchifukwa chake ziyenera kutalikirana ndi kam'buluko maola anayi. Ndere za m'nyanja zili ndi ayodini wambiri. Nzowona kuti chithokomiro chimafuna ayodini, koma munthu wamkulu amangofunikira mamaikulogalamu 150 patsiku, ndipo mchere wothira ayodini umathandiza kale pamenepo. Wopambanitsa angawonjezere nthenda yonga ya amayi.

Tsiku limenelo ndinaphunzira kusiyana kwa mawu aŵiri: kulinganiza ndi kubwezera. Mungalinganize chinthu chimene chilipo. Koma kachiŵalo kakaleka kupanga homoni yokwanira, palibe tiyi kapena muzu umene ungaloŵe m'malo mwake. Homoniyo iyenera kubwezeredwa. Mu 1891, dokotala George Murray wa ku Newcastle, ku England, anabaya mayi wina wodwala kwambiri madzi otengedwa m'chithokomiro cha nkhosa. Mayiyo anachira nakhala ndi moyo zaka zina 28, akulandirabe mankhwalawo. Insulin nayonso ndi homoni. Mu 1922, ku Toronto, mnyamata wina anakhala woyamba kuilandira, ndipo kufikira lero wachichepere amene thupi lake silipanga insulin angafe m'masiku oŵerengeka ataisiya. Kam'bulu kamene ndinakayesa kachilendo nkofanana ndi homoni imene thupi la amayi linali kudzipangira lokha.

Kodi pamenepo chakudya ndi njira zachilengedwe nzachabe? Iyayi. Dokotala yemweyo analimbikitsa amayi kuyenda m'mamaŵa, kugona mokwanira, ndi kudya ndiwo zamasamba, nyemba ndi kapenta. Kuphatikiza njira zochiritsira nkwabwino pamene wokuchiritsani adziŵa zonse zimene mukumwa. Kukachitidwa mobisa, ndi juga.

Musaganize kuti nkhaniyi nja achikulire okha. Atsikana ena amamwa mankhwala "olinganiza" msambo ukasokonezeka, osapimitsa kuti adziŵe chochititsa. Anyamata ena a kujimu amabayitsa testosterone kuti akule minofu, osadziŵa kuti imachepetsa mbewu ya abambo m'thupi. Ena amabwereka levothyroxine kuti aonde, pamene yopambanitsa imathamangitsa mtima ndi kufooketsa mafupa. Homoni imagwira ntchito pamlingo wochepetsetsa, chotero imafuna kupima, osati kuyerekezera.

Musanagule botolo, dzifunseni: Kodi ndi homoni iti imene yasokonezeka, ndipo ndani anaipima? Kodi mankhwalawo analoledwa ndi ZAMRA, bungwe loyang'anira mankhwala muno m'Zambia lokhazikitsidwa ndi lamulo la 2013? Kodi wogulitsayo akukuuzani kusiya mankhwala a kuchipatala? Akatero, bwezani ndalama m'thumba.

Amayi anayambiranso mibulu yawo, ndipo panapita miyezi kuti mwazi ubwerere pamlingo wake. Nditawapepesa anati, "Unachita chifukwa cha chikondi, koma ulendo wina tidzayamba tafunsa." Tsopano kam'bulu kawo kamakhala pafupi ndi kapu ya madzi pambali pa bedi, ndipo tsiku lokapimitsa likafika, wowaperekeza ndine.